Mmene mungayendere ndi Mulungu tsiku lonse kuno kuchigwa, kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa mu neti

Mu Januwale 2015 madzi atatipeza usiku kwathu ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, ndinapemphera kuposa mmene ndinapemphererapo moyo wanga onse. Tinathawa ndi zovala za m'thupi basi, ana paphewa, mbuzi zinapita, nkhokwe inapita, ndipo tinakakhala pa kampu pa sukulu ina milungu yambiri. Pa kampu paja madzulo aliwonse panali mapemphero, Akatolika, a CCAP, a Seventh Day, a pente, tonse pansi pa mtengo umodzi wa nimu osafunsana kuti iwe ndi wa mpingo uti, olo abambo ena amene mudzi onse unkadziwa kuti iwo ndi kachasu sasiyana ankayambitsa makorasi misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinamulonjeza Mulungu zinthu zambiri pamenepo.

Madzi anaphwa, tinatsikira kudimba, mbatata ndi chimanga zinachita bwino pa matope amene madzi anasiya aja, ndipo pofika Ogasiti mapemphero anga anali ataphwa limodzi ndi madziwo. Zinabwerezanso chimodzimodzi nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019. Apa mpamene ndinadziona bwinobwino kuti chikhristu changa chinali ngati Mwanza kapena Thangadzi, mitsinje imene imadzaza mpaka kugumula magombe mvula ikagwa kumtunda koma ukapitako mu Okutobala umangopeza mchenga ana akusewerapo mpira. Pomwe Shire amayenda chaka chonse, kaya kuli chilala kaya kulibe, sinanga madzi ake amachokera kutali kunyanja, si a mvula ya dzulo ayi.

Nde zimene ndikulemba apazi ndi zimene ndakhala ndikuchita kuchokera nthawi imeneyo. Zinandigwira dzanja pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, koma makamaka zimandigwira masiku amene kulibe chilichonse choopsa, amene kwa ine ndi ovuta kwambiri kukumbukira Mulungu. Sindine m'busa, ntchito yanga ndi yogula ndi kugulitsa mbewu. Tiyende nalo tsiku mmene limayendera kwathu kuno.

1. Dzukani dzuwa lisanayambe ukali

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje mukati ndipemphera masana mwadzinamiza, Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 ndipo mutu sugwira chilichonse, umangofuna mthunzi ndi madzi. Mukati ndipemphera usiku, thupi latopa ndi khasu, tulo tikupezani pemphero lili pakati. Mwayi wake ndi oti ife timadzuka kale cha m'ma 4 koloko kuthamangira kumunda kusanatenthe, nde simukuyamba chachilendo, mukungodzuka mphindi 10 kapena 15 msangako. Pa Marko 1:35 timawerenga kuti Ambuye Yesu anadzuka kukadali mdima nkupita kwayekha kukapemphera, ndipo dzulo lake anali atachiritsa anthu mpaka usiku, kutanthauza kuti nayenso anali otopa.

Chitani chonchi. Tcherani alamu musanagone. Ikalira izimitseni foniyo nkuiika pansi chafufumimba, musatsegule WhatsApp olo Facebook, chifukwa mukangoona uthenga umodzi wa ngongole kapena wa maliro mtima wapita kale kumeneko. Khalani tsonga, musapemphere chogona. Ngati mwagona panja pa mkeka chifukwa cha kutentha pomwepo mpabwino, khalani mu neti momwemo.

Zonena zisakuvuteni. Yambani ndi kuthokoza zinthu zitatu zenizeni za dzulo, mozitchula, monga kuti mwana wadya, njinga sinaphulike tayala, mutu unkawawa uja wasiya. Kenako nenani pamene munalakwa, mosazungulira. Pomaliza ikani tsikulo m'manja mwake potchula zimene mukukachita ndi anthu amene mukakumane nawo, makamaka uja amene mukudziwa kuti akakuputani. Tsiku limene mawu akukanika nenani pemphero la Ambuye lija pang'onopang'ono, mzere uliwonse nkuima kaye. Ndipo ngati mumtima mwanu mumayankhula Chisena pempherani m'Chisena, ngati ndi Chimang'anja chomwecho, palibe chifukwa chobwereka mawu a mlaliki wa pa wailesi. Amayi anga ankayamba pemphero lililonse ndi “takhuta Baba”, m'Chisena ndiye kuti zikomo Atate, ndipo sindinamvepo pemphero lolemera kuposa lawo.

2. Werengani pang'ono, koma motsatana

Ambiri timalakwitsa apa. Timatsegula Baibulo paliponse pamene latsegukira, lero Levitiko mawa Chivumbulutso, kenako timati Baibulo ndi lovuta. Tengani buku limodzi mulimalize. Ine ndimati yambani ndi Marko, ali ndi machaputala 16 okha ndipo nkhani zake ndi zachangu, za mabwato, namondwe, odwala, anthu anjala, zinthu zimene munthu wa m'mbali mwa Shire sachita kufotokozeredwa. Theka la chaputala patsiku ndiye kuti mwezi umodzi mwamaliza. Mukatero pitani ku Miyambo, machaputala 31, tsiku lililonse chaputala chogwirizana ndi deti. Kenako Luka, kenako Yakobo, Masalimo nkumawazamo apo ndi apo.

Mukawerenga dzifunseni zinthu ziwiri basi, kuti apa ndaphunzira chani za Mulungu, nanga lero lomwe lino ndichite chani kapena ndisiye chani. Yankho la funso lachiwirilo likhale laling'ono loti likhoza kuchitika dzuwa lisanalowe. Osati “ndikhala munthu wachikondi”, koma “ndikawapatsa moni alamu anga amene sitikuyankhulana aja”. Vesi imodzi imene yakugwirani ilembeni pa kapepala kapena kuseri kwa kope la mwana lakutha, muyende nayo m'thumba.

Buku Lopatulika limene ambiri tinakulira linatuluka mu 1922, nde Chinyanja chake pena ndi chakale ndithu, ana a masiku ano amakakamira pa mawu ena. Ngati likukuvutani pezani Buku Loyera la 1998 kapena lina lomasulira mwa masiku ano, si tchimo. Amene simutha kuwerenga kapena maso anafooka, mwana wa Sitandade 5 akhoza kukuwerengerani, ndipo mukhala mwapha mbalame ziwiri chifukwa naye akumva. Palinso Baibulo lomvera loika pa memori khadi.

Kanthu kena kamene ndinaphunzira mowawa. Baibulo langa loyamba linapita ndi madzi a 2015, linali ndi madeti obadwa a ana onse. Pano limakhala mu jumbo ziwiri, mkati mwa ndowa yotseka, limodzi ndi ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi makadi a ubatizo. Chiswe sichilipeza, ndipo tsiku lothawa ndowa imeneyo ndi yoyamba kunyamulidwa. Bola lizituluka m'ndowamo m'mawa uliwonse.

3. Mangirirani pemphero pa zimene mumachita kale

Danieli ankagwada katatu patsiku ngakhale anali ndi ntchito yaikulu ya boma, onani Danieli 6:10. Ife sitingaime pakati pa msika wa Nchalo kapena wa Ngabu nkugwada, koma tikhoza kusankha zinthu zitatu zimene sitilephera kuchita tsiku lililonse nkuzisandutsa belu. Amayi mukaika ndowa pamzere pamjigo, nthawi yodikira ija pemphererani ana mmodzimmodzi mumtima. A kabaza mukamapalasa opanda kasitomala bwerezani vesi ya m'thumba ija. Odula nzimbe, nthawi yonola chikwanje. Asodzi, pokankha bwato. Ine belu langa ndi pamene ndikukoloweka sikelo m'mawa, pamene ndikusamba m'manja kuti ndidye, ndi pamene ndikutseka matumba madzulo. Mawu ake ndi ochepa, “Ambuye ndili pano, ndigwireni”, basi. Salimo 121 imakamba za Mulungu kukhala mthunzi wako kuti dzuwa lisakupweteke usana, ndipo sindikhulupirira kuti munthu wa ku Dedza amaimva vesi imeneyi mmene timaimvera ife.

4. Lolani Mulungu aone sikelo yanu

Apa ndichedwapo chifukwa mpamene chikhristu cha ambiri aife chimathera, changa chinathera pomwepa zaka zambiri.

Ndinkagulira chitowe ndi nandolo bwana wina wa ku Blantyre, ndipo sikelo yanga inali yokhotetsa. Aliyense ankatero, ndimmene ndinkadzitonthozera. Mlimi akabwera ndi makilo 20 sikelo inkaonetsa 18, awiri enawo anga. Lamulungu ndinkaimba kwaya, chopereka ndinkapereka, ndalama yake yomweyo. Tsiku lina kunabwera agogo ena a mumpingo mwathu, atasenza kathumba ka chitowe kuchokera kutali dzuwa lili pamutu, anadutsa mavenda anayi nkudzatula pa ine. Ndinati agogo bwanji mwavutika kufika mpaka kuno, iwo anati “mwana wanga, enawa sindiwadziwa, iwe ndimakuona kutsogolo ku tchalitchi, pima ndiwe.” Anakhala pansi osayang'ana nkomwe sikeloyo. Ndinapima manja akunjenjemera, ndinawapatsa ndalama yonse ya makilo enieni, ndipo usiku umenewo sindinagone. Miyambo 11:1 imanena poyera kuti sikelo yonyenga imamunyansa Yehova. Vesi imeneyi ndinali nditaimvapo kambirimbiri, koma tsiku limenelo inali ndi nkhope ya agogo aja.

Nde ngati muli pa geni chitani izi mawa lomwe. Tengani paketi ya shuga ya 1 kg yosatsegula muikoloweke pa sikelo yanu, kapena yesani ndi madzi, lita imodzi imalemera kilo imodzi. Ikanama ikonzeni, ikakanika gulani ina, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi amene ali ndi udindo oyesa masikelo. Itembenuzeni kuti mlimi aziona yekha manambala. Ngati mumagulitsa ndi chigoba kapena mbale yopondereza pansi, itayeni. Sindikunamizani, phindu lidzatsika, kwa ine linatsika ndithu chaka choyamba ndipo kunyumba tinakanganapo. Komanso amene mukuwakumbukira kuti munawabera bwezani mmene mungathere, Zakeyu pa Luka 19:8 sanangoti pepani, anatchula zobweza. Ine ena ndinawabwezera powaonjezera popima nkuwauza chifukwa chake, zinali zamanyazi koma zinatheka.

Si za mavenda okha izi. Mwalemba munthu ganyu kudimba, mulipireni tsiku lomwelo, Levitiko 19:13 imaletsa kugona ndi malipiro a waganyu mpaka m'mawa ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro obedwa a anthu okolola amafuula mpaka Mulungu kumva. Munthu wa ganyu amadya za tsiku lomwelo, mukamuuza kuti ubwere Lachisanu ndiye kuti ana ake agona ndi njala mpaka Lachisanu. Inunso a ganyu, ndime mwagwirizanayo limani yonse, osangokwirira udzu mwini munda akachoka. Mwatenga ngongole ku banki mkhonde bwezani pa tsiku lake, ndipo ngati zavuta pitani nokha mukanene, osazimitsa foni ndi kusintha njira. Katapila musamuyandikire, kaya obwereka kaya obwereketsa.

Ndipo pali ina imene sitikonda kuikamba. Ikafika nthawi yolemba mayina a olandira chithandizo madzi akasefukira kapena njala ikavuta, timadziwa zimene zimachitika, banja limodzi kugawika patatu, nyumba imene sinagwe kulembedwa kuti inagwa, malemu kulandira ufa. Amene amatsala ndi nkhalamba yopanda oiyankhulira. Ngati muli mu komiti kapena mwangoitanidwa kuti mulembetse, nenani zoona zokhazokha, olo anzanu akuuzeni kuti ndinu opusa. Ambuye anati okhulupirika pa chaching'ono ndi okhulupirikanso pa chachikulu, Luka 16:10, ndipo thumba la ufa la makilo 50 si chaching'ono kwa amene walimanidwa.

5. Masana samalani pakamwa ndi njira imene mumadzera

Dzuwa likafika paliwombo tonse timathawira pamthunzi, pansi pa mtengo, pa bawo, pakhonde la golosale, ndipo mpamene nkhani za eni zimaphikidwa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Lamulo langa ndi losavuta, munthu amene palibe sindimukamba zimene sindinganene iye atakhala pomwepo. Nkhani ikayamba kulowera kumeneko ndimaisintha, ikakana ndimanyamuka. Pa foni chimodzimodzi, voisi noti kapena chithunzi chonyoza munthu chikafika kwa inu chithere pomwepo, musachitumizenso.

Chachiwiri, aliyense amadziwa pamene amagwera. Wina ndi pa shabini mwezi ukatha malipiro akalowa, wina ndi pobetcha mpira, wina ndi nyumba inayake imene sayenera kulowamo. Musayese mphamvu zanu podutsa pomwepo nkumati ndipemphera, sinthani njira olo italike. Tsiku lolandira ndalama yambani mwagula chimanga, sopo ndi za sukulu, yotsalayo isungidwe ndi akunyumba kapena ku akaunti ya pa foni, musayende nayo m'thumba madzulo.

6. Mukadwala kapena mukaopa, pempherani uku mukuyenda

Mwana watentha thupi, musanjikeni dzanja mupemphere, kenako mubereke mupite kuchipatala akamuyeze malungo tsiku lomwelo. Mankhwala a malungo a LA kuchipatala cha boma ndi aulere, amamwa masiku atatu m'mawa ndi madzulo, amalize olo aoneke kuti wachira. Wina akatsegula m'mimba kwambiri, Thanzi ORS ndi kuchipatala msanga, tinaona tonse mmene kolera ya 2022 mpaka 2023 inatengera anthu. Amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a BP ndi shuga, munthu aliyense okuuzani kuti tayani mankhwala mwachiritsidwa muthaweni, kaya wavala suti yotani.

Pali mbiri ina ya kwathu konkuno imene imandithandiza pa nkhaniyi. Bishopu Charles Mackenzie, mmodzi mwa amishoni oyamba amene anabwera motsatira David Livingstone, anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, cha ku Chiromo kuja. Bwato lake linagudubuka, mankhwala a kwinini anapita ndi madzi, nde malungo atamugwira panalibe chomupatsa. Munthu amene anasiya kwawo chifukwa cha uthenga wabwino, opemphera kuposa ine ndi inu, ankayenda ndi bokosi la mankhwala ndipo sankaona ngati kutero ndi kuchepa chikhulupiriro. Udzudzu wake ndi omwewu tili nawo lerowu.

Za madzi nazonso chimodzimodzi. A zanyengo akalengeza pa wailesi, a komiti ya m'mudzi akaimba mluzu kuti samukani, samukani. Ndinamvapo anthu akuti ine sindichoka Mulungu anditeteza, ena mwa iwo tinawalira. Miyambo 22:3 imati wochenjera amaona zoipa zikubwera nkubisala, ndipo Yosefe atachenjezedwa anamunyamula mwana Yesu usiku omwewo kuthawira ku Aigupto. Madzi saiwala khwawa, pamene anadutsa 2015 adzadutsanso. Yesaya 43:2 salonjeza kuti madzi sadzabwera, akulonjeza kuti podutsa m'madzimo Mulungu adzakhala nawe, ndipo ine ndine mboni ya zimenezo.

Tsoka likagwa musathamangire kufuna amene walodza. Ng'ona ikagwira munthu padooko, mwana akamwalira mwadzidzidzi, mawu oyamba amakhala oti yatumidwa, ndipo chala chimaloza agogo ena osauka amene alibe owateteza. Abale anga, mkhristu asapezeke m'gulu lonyamula miyala. Ambuye anafunsidwa za munthu obadwa osaona kuti analakwa ndani, pa Yohane 9, anati si iye si makolo ake. Pa Luka 13:4 anakamba za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, anati sanali ochimwa kuposa ena. Pitani pamaliro mukalire ndi olira, tungani madzi, kumbani nawo manda, ndipo mawu oloza munthu akayamba inu mukhale oyamba kunena kuti ayi.

7. Musayende nokha

Mutu umodzi susenza denga. Kupatula Lamulungu kapena Sabata, pezani kagulu ka mkati mwa sabata, kaya ndi mphakati, mlaga, Mvano, Dorika, kwaya kapena selo, dzina lilibe kanthu bola muzipita olo tsiku limene simukufuna. Kenako sankhani munthu mmodzi okhwima, mwamuna kwa mwamuna mzake mayi kwa mayi mzake, amene mwamupatsa ufulu okufunsani mafunso owawa. Wanga ndi mkulu wina wa mpingo opuma pa ntchito ya uphunzitsi, tikakumana samayamba ndi za mvula, amangoti “achimwene, sikelo ili bwanji?” ndipo ndimadziwa kuti sakufunsa za chitsulo chokha.

Komanso sabata iliyonse chitirani munthu mmodzi chinthu chogwirika. Yakobo 2:15-16 amadzudzula munthu ouza m'bale wanjala kuti pita mumtendere ukakhute osamupatsa kanthu. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale kuno ena amafika podya nyika za m'dambo, nde kapu ya ufa, mtolo wa nkhuni, kumutungira madzi munthu odwala, kumukweza pa njinga ulere opita kuchipatala, zonsezi zimawerengedwa. Musajambule, musaike pa sitetasi.

8. Tsekani tsiku musanalowe mu neti

Mukatha kudya nsima, mbale zisanachotsedwe pamkeka, sonkhanani onse mphindi 10. Musadikire kuti ana asambe kaye kapena mpira wa pa wailesi uthe, mukabalalika simusonkhananso. Nyimbo imodzi imene aliyense amaidziwa, mwana mmodzi awerenge mavesi ochepa ndi tochi, aliyense anene chinthu chimodzi chothokoza, mmodzi atseke ndi pemphero. Muzisinthana, mawa mayi, mkuja mwana wamkulu, olo wamng'ono amene amangoti Yesu zikomo chifukwa cha nsomba. Abambo, izi musawasiyire amayi okha nkumakhala poteropo ndi foni, ana amaona. Ndipo nthawi imeneyi si ya milandu, musasandutse pemphero chikwapu chokalipira mwana amene waba shuga kapena mkazi amene munayambana naye masana.

Za kuyambanazo, Aefeso 4:26 akuti dzuwa lisalowe mukadali okwiya. Kwathu tinagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti olo nkhani isathe, sitigona osayankhulana. Nthawi zina zimangokhala “mayi a ana, ndinayankhula moipa masana paja, pepani, zotsalazo tikamba mawa”, iwo nkuti “ndamva bambo”, basi. Kutentha kwa kuno kumafupikitsa mtima, munthu umapsa ndi kanthu kachabechabe, nde mawu amenewa kwathu amanenedwa kawirikawiri miyezi yotentha.

Mukalowa mu neti bwererani m'tsikulo mumtima kuyambira m'mawa. Kanthu kaja munati muchita mutawerenga Baibulo, mwachita? Ngati eya thokozani. Ngati ayi nenani choncho kwa Mulungu ndipo mukaike poyamba mawa. Nkhawa za fizi, za mbewu imene yauma, za ngongole, zitchuleni imodziimodzi nkuzisiya, Mateyu 6:34 akuti mawa lidzadera nkhawa za lokha. Chaka chimene munda wakanika kotheratu ndimawerenga Habakuku 3:17-18, pamene mneneri akuti olo mkuyu usaphuke, m'minda musakhale chakudya, m'khola musakhale ng'ombe, iye adzakondwerabe mwa Yehova. Pali usiku wina umene ndimawerenga mawu amenewa mtima ukukana, ndimawerengabe mokweza.

Mudzaphonya masiku, izi ndikuuziranitu. Kudzabwera maliro a masiku atatu, nthawi yokolola thonje, ulendo wa ku Marka kapena ku Blantyre, kapena ulesi chabe, mudzapezeka sabata yatha Baibulo lili m'ndowa. Musadikire chaka chatsopano kapena msonkhano wa chitsitsimutso kuti muyambirenso, ndipo musayese kubweza machaputala onse munaphonya tsiku limodzi, mudzatopa nkusiyiratu. Tsegulani pamene munalekera. Ine chaka chatha ndinaima pa Luka 12 milungu itatu nthawi imene mwana wathu anagonekedwa kuchipatala, titatuluka ndinapeza kapepala kali pomwepo, ndinatchera alamu ya 4 koloko nkupitiriza vesi yotsatira.